Mbiri ya Mount Wilson Observatory, Alonda a Dzuwa ndi Nyenyezi

Aliyense wa mu Lusaka amene anali atafika pa msinkhu wozindikira pa Lachinayi la pa 21 Juni 2001 akumbukira kuti masana a tsikulo, nthawi itangopitirira 3 koloko, ogula ndi ogulitsa a pa City Market anasiya kunenerera mitengo, anyamata oitanira mabasi a ku Kabwata ndi ku Chelstone anatseka pakamwa, ndipo mzinda wonse unakweza maso kumwamba, pakuti mwezi unaphimba dzuwa ndi kugwetsa mdima wa mphindi zitatu ndi pang'ono. Amene anayang'anitsitsa kadamsanayo anaona kuwala koyera kutazinga mwezi wakudawo mbali zonse, ndi timalawi tofiira m'mphepete mwake. Koma akatswiri a zakuthambo ochokera kutali, mwa iwo a Jay Pasachoff ndi ophunzira awo a ku Williams College, sanadabwe nawo maonekedwewo, popeza anadziwiratu kuti chaka chimenecho dzuwa linali pachimake pa ukali wake, umene umakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11. Kuti ukaliwo uchokera ku mphamvu ya maginito, ndi kuti nyenyezi zinanso zili ndi nyengo zotere, anthu anaziphunzira makamaka pa phiri lina la ku California m'dziko la America, pamene pali bungwe lotchedwa Mount Wilson Observatory, limene mbiri yake tifuna kuilongosola pano kaamba ka ana a sukulu ndi onse ofuna kudziwa.

Mwini maganizo oyamba anali a George Ellery Hale, mwana wa munthu wachuma wa ku Chicago, wobadwa m'chaka cha 1868, amene ngakhale anali atatsogolera kale ntchito yomanga nyumba yotchuka yoonera nyenyezi ya Yerkes ku Wisconsin, mtima wawo sunakhale pansi chifukwa cha mitambo ndi chisanu cha dera limenelo. Atamva za phiri lotalika mamita 1,740 loyang'ana mudzi wa Pasadena, kumene thambo limakhala loyera ndi mpweya wabata masiku ambiri a chaka, anakwerako mu 1903, nakhutira ndi zimene anaona, nabwereka malo a pansonga kwa zaka 99, nayamba kumanga ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndipo munali mu Disembala 1904 mmene bungwe la Carnegie Institution of Washington, limene anakhazikitsa mpondamatiki wa mafakitale a zitsulo, a Andrew Carnegie, linavomera kusenza mtolo wa ndalama. Dzina loyamba linali Mount Wilson Solar Observatory, pakuti cholinga cha a Hale chinali ichi: popeza dzuwa ndilo nyenyezi yokhayo imene ili pafupi kotero kuti nkhope yake ioneka bwino, tiyenera kuliphunzira ilo kuti tizindikire nyenyezi zinzake, ndi kuphunziranso zinzakezo kuti tizindikire ubwana ndi ukalamba wa dzuwa. Wowerenga asunge mawu amenewa, chifukwa pa nkhani ya nyengo za maginito theka lachiwiri la cholingacho linadikira zaka 62.

Masiku oyambawo anali a thukuta. Msewu wa galimoto kunalibe, koma kanjira kopapatiza kokhotakhota m'mbali mwa maphompho, ndipo chilichonse, kuyambira simenti ndi matabwa kufikira magalasi osachedwa kusweka a telesikopu yoyamba yotchedwa Snow, chinakwera pamsana pa abulu ndi nyulu. Telesikopuyo itayamba ntchito mu 1905, kunaoneka kuti kutentha kwa nthaka kumavundula mpweya ndi kusokoneza chithunzi cha dzuwa. Pamenepo a Hale anaganiza zokweza magalasi pamwamba pa nsanja kuti kuwala kutsike choongoka kulowa m'dzenje lozizira pansi pake, ndipo nsanja ya mamita 18 inatha mu 1908, ya mamita 46 mu 1912. Chivomezi chimene chinagwetsa mzinda wa San Francisco mu 1906 chinatsala pang'ono kuwononga zitsulo zogwirizira telesikopu ina, ya kalilole wa mamita 1.5, zimene zinali kusulidwa kumeneko. Koma zinapulumuka, njira inakuzidwa, ndipo telesikopuyo inaona nyenyezi zake zoyamba mu Disembala 1908. Akatswiri ankagona m'nyumba imene anaitcha Monastery, mmene akazi sankaloledwa, chinthu chimene sitingachiyamikire, makamaka tikakumbukira kuti masamu ambiri a ntchitoyi ankawerengedwa ndi akazi mu ofesi ya ku Pasadena. Komabe bungwe lomwelo linali ndi khomo lotseguka kwina: mnyamata woyendetsa nyulu, a Milton Humason, amene anasiya sukulu ali ndi zaka 14, analembedwa ntchito yosesa mu 1917, ndipo chifukwa cha luso lawo pa telesikopu anakalamba ali mmodzi wa akatswiri olemekezeka a pamalopo.

Chotulukira choyamba chachikulu sichinachedwe. Kuwala kwa dzuwa kukapyola m'chipangizo chokugawa m'mitundu ya utawaleza, mumaoneka timizere takuda tambirimbiri, ndipo kamzere kalikonse ndi chizindikiro cha chinthu chimene chili mu mpweya wa dzuwa, kaya chitsulo, kaya kashiamu. Mu 1896 a Pieter Zeeman a ku Holland anali atasonyeza kuti pamene pali maginito amphamvu kamzere kamodzi kamagawikana kukhala tiwiri kapena titatu. Tsono mu Juni 1908 a Hale analunjikitsa magalasi a nsanja yatsopano ija pa mawanga akuda a padzuwa, napeza timizere togawikana momwemo. Ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya anthu kuti mphamvu ya maginito iyezedwe kunja kwa dziko lapansi. Mphamvuyo inaposa ya dziko lathu, imene imatembenuza singano ya kampasi, kuwirikiza zikwi zingapo. Chifukwa cha kuda kwa mawanga chinamveka pambuyo pake: maginito amatchinga mpweya wotentha wochokera m'kati, kotero kuti pabanga pamakhala madigiri pafupifupi 4,000 pamene pozungulira pali 5,500, ndipo pamaoneka pakuda chifukwa choyandikana ndi powala koposa.

Kuti mawanga amachuluka ndi kuchepa pa nyengo yake zinali zodziwika kuyambira 1843, kuchokera kwa a Heinrich Schwabe, wogulitsa mankhwala wa ku Dessau ku Germany, amene anayang'ana dzuwa zaka 17 asanalankhule. Chimene a pa Mount Wilson anawonjezera ndi ichi: mawanga amabadwa awiriawiri, lina lotsogola ndi lina lotsatira, limodzi la maginito a kumpoto ndi linzake la maginito a kumwera; dongosolo la theka lakumpoto la dzuwa limatsutsana ndi la theka lakumwera; ndipo nyengo ya zaka 11 ikatha, yatsopano imabwera ndi dongosolo lotembenuka, kotero kuti dzuwa limabwerera pamene linayambira patapita zaka 22. A Hale pamodzi ndi a Ferdinand Ellerman, a Seth Nicholson ndi a Alfred Joy analemba za lamuloli mu 1919. Lamulo lotere silipezeka ndi kuchenjera kwa tsiku limodzi. Kuyambira 1917, m'mawa wopanda mitambo, munthu amaima patsinde pa nsanja ya mamita 46, nayala pepala pamene pagwera chithunzi cha dzuwa, najambula banga lililonse ndi pensulo, nalemba pambali zimene wayeza. Ndipo mapepalawo, amene tsopano ali zikwizikwi, ndiwo umboni wa mawu a makolo akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za telesikopu ya Hooker, ya kalilole wa mamita 2.5, imene inayamba ntchito mu Novembala 1917 nikhala yaikulu koposa zonse pa dziko lapansi kwa zaka zoposa 30, ambiri alemba kale. Itafika iyo, mawu akuti Solar anachotsedwa pa dzina la bungwe mu 1919, ndipo ndi iyo imene a Edwin Hubble anaonera kuti kunja kwa Mlalang'amba wathu kuli milalang'amba ina, ndipo pambuyo pake, mothandizana ndi a Humason aja, kuti ikutalikirana. Ife sitichedwapo, pakuti kutchuka kwa a Hubble kwaphimba ntchito ina yachete imene, m'kuweruza kwathu, ikhudza koposa munthu wodalira magetsi, wailesi ndi foni.

Funso linatsala linali lakuti maginitowo achokera kuti, popeza m'dzuwa mulibe chitsulo cholimba, ndipo kutentha kumapha maginito a chitsulo chilichonse. Amene anapalasapo njinga ya kale ya nyale ya dayinamo akudziwa kuti kabotolo kogunda pa tayala kaja sikasunga moto m'kati mwake ayi, koma kuyenda kwa gudumu ndiko kumabala magetsi, ndipo wopalasa akaima nyale imazima. Dzuwanso lili chomwecho, kungoti mwa ilo chimene chiyenda ndi mpweya wake wotentha, umene umanyamula magetsi, ndipo kuyendako kumakuza maginito ochepa amene alipo kale. Mayendedwewo ndi awiri. Pamimba pa dzuwa pamazungulira kamodzi pa masiku 25, pamene kunsonga kumatenga masiku pafupifupi 35, ndipo kusiyana kumeneku kumakoka mizere ya maginito yochokera kumpoto kupita kumwera ndi kuikulunga mozinga dzuwa, chaka ndi chaka, kufikira italimba kwambiri nibuka pamwamba. Pamene ituluka ndi pamene ilowanso ndi pamene pamakhala mawanga awiri aja. Kuwonjezera apo, m'chigawo chakunja cha dzuwa, chakuya makilomita pafupifupi 200,000, mpweya wotentha umakwera ndi wozizirako kutsika kosaleka, ndipo pokwerapo umapotoka chifukwa cha kuzungulira kwa dzuwa, nubweza gawo la maginito okulungidwawo ku njira ya kumpoto ndi kumwera, koma chotembenuka. A Joseph Larmor anaponya ganizo la dayinamo mu 1919, ndipo a Eugene Parker analiika m'masamu mu 1955. Koma maso oona anali pa bungwe la Mount Wilson, kumene bambo ndi mwana wawo, a Harold ndi a Horace Babcock, anapanga chipangizo choyezera maginito ofooka a nkhope yonse ya dzuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, naona nacho nsonga za dzuwa zikusinthana maginito mu 1957 ndi 1958, ndipo mu 1961 a Horace analongosola ulendo wonse wa zaka 22 m'njira imene ophunzira akuitsatabe.

Tsono tifike pa theka lachiwiri la cholinga cha a Hale, amene anamwalira mu 1938 asanalione. Ngati dayinamo ifuna zinthu ziwiri zokha, kuzungulira ndi mpweya wokwera ndi kutsika m'chigawo chakunja, ndiye kuti nyenyezi zimene akatswiri amazitcha zozizira, ndiko kuti zotentha ngati dzuwa kapena kucheperapo, zachikasu ndi zofiira, ziyenera kukhala ndi mawanga ndi nyengo zawo, pakuti zonsezo zili nacho chigawo chotere. Koma nyenyezi, ngakhale m'telesikopu yaikulu, imangokhala kadontho. Mawanga ake angawerengedwe bwanji? A Olin Wilson, amene anagwira ntchito pa bungweli kuyambira 1931, ndipo dzina la phirilo si lawo ayi koma la a Benjamin Wilson amene analambula njira yokwerera m'zaka za m'ma 1860, anakumbukira kuti padzuwa timizere tiwiri ta kashiamu, totchedwa H ndi K, tokhala kumapeto kwa utawaleza kumene diso liyamba kulephera, timawala pakati pake paliponse pamene maginito ali amphamvu. Ndipo anaganiza kuti akayeza kuwala kwa timizereti pa nyenyezi zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, adzaona kukwera ndi kutsika ngakhale mawangawo osawaona. Mu Malichi 1966, ali ndi zaka 57, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopuma, anayamba kuyendera nyenyezi zawo ndi telesikopu ya Hooker, podziwa bwino kuti yankho silingabwere zaka khumi zisanathe. Wachinyamata wofuna kukwezedwa pa ntchito sakanayerekeza, ndipo wamalonda wofuna phindu la chaka chomwecho sakanalipira. A Wilson anakhoza chifukwa mwambo wa bungwelo unali wopatsa akatswiri ake mausiku a telesikopu chaka ndi chaka. Mu 1978 analengeza za nyenyezi 91, nasonyeza kuti zina mwa izo zili ndi nyengo zofanana ndi za dzuwa.

Ntchitoyo, imene inadziwika kuti HK Project, inasamukira ku telesikopu ya mamita 1.5, kumene a Arthur Vaughan ndi a George Preston anaika chipangizo chatsopano mu 1977, ndipo pambuyo pake inatsogozedwa ndi mayi Sallie Baliunas. Zitatha zaka 30 chiwerengero chinali chotere: mwa nyenyezi 100, pafupifupi 60 zimakwera ndi kutsika mwadongosolo, zina pa zaka ziwiri ndi theka, zina mpaka zaka 25, pafupifupi 25 zimasinthasintha popanda dongosolo, ndipo zotsalazo zili phee. Ya 61 Cygni A imatha ulendo wake pa zaka 7, ya HD 81809 pa zaka 8. Koma chachikulu chinali kugwirizana kwa msinkhu, liwiro ndi ukali. Nyenyezi zazing'ono msinkhu zimazungulira mofulumira, zina pa masiku owerengeka, ndipo maginito awo ndi aukali ndi osakhazikika. Koma mphepo imene nyenyezi imauzira kunja, pogwidwa ndi maginito, imaichotsera liwiro pang'onopang'ono, kotero kuti ikamakalamba imazungulira mochedwa, dayinamo yake nifatsa, nyengo zake nizilongosoka. Umu ndi mmene tidziwira kuti dzuwa lathu, la zaka mabiliyoni anayi ndi theka, lili pa msinkhu wa munthu wokhazikika, ndi kuti pa ubwana wake linali lolusa koposa. Nyenyezi zachete zija zinakumbutsanso akatswiri zaka za pakati pa 1645 ndi 1715, zimene dzuwa linakhala pafupifupi lopanda mawanga.

Kukula kwa mzinda wa Los Angeles m'munsi mwa phiri kunadzetsa tsoka: nyale za m'misewu zinayeretsa thambo la usiku, ndipo a Carnegie, amene anali atatsegula malo ena amdima ku Las Campanas m'dziko la Chile mu 1969, anatembenuzira chuma chawo kumeneko. Telesikopu ya Hooker inatsekedwa mu 1985. Pamenepo akatswiri ndi anthu ena okonda malowo, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga, anakhazikitsa bungwe losafuna phindu la Mount Wilson Institute mu 1986, limene linalandira udindo woyendetsa zonse mu 1989, nilitsegulanso Hooker m'zaka za m'ma 1990. HK Project inapirira, popeza kuwala kwa mzinda sikusokoneza kwambiri nyenyezi zowala zimene inkayeza, koma mu 2003, itatha zaka 37, inaima. Tinene mosabisa kuti kumeneko kunali kutaya kwakukulu, pakuti chaka chimene sichinayezedwe palibe chuma chimene chingachibweze. Taonani nyenyezi ya HD 166620, imene inasunga nyengo za zaka pafupifupi 17 pamaso pa a Wilson ndi owatsatira: inakhala chete kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi yomwe mlonda anali kuchoka pa ntchito, ndipo munali mu 2022 mmene akatswiri, atalumikiza mabuku a Mount Wilson ndi zoyeza za matelesikopu ena, analengeza kuti ioneka kuti yalowa m'tulo tofanana ndi tija ta dzuwa. Mwamwayi a Lowell Observatory ku Arizona ndi magulu ofunafuna mapulaneti a nyenyezi zina anapitiriza mbali ya ntchitoyi, ndipo onse amasandutsa zoyeza zawo kuti zigwirizane ndi muyeso wa Mount Wilson.

Mdani wina ndi moto. Anthu a mu Lusaka, amene anaona City Market ikupsa m'bandakucha wa pa 4 Julayi 2017 pamodzi ndi katundu wa amalonda ochuluka, safuna kuuzidwa zimene moto umachita ndi thukuta la zaka zambiri. Moto wolusa wa m'nkhalango unazinga phirilo mu 2009. Mu Seputembala 2020 unafika pa mtunda wa mamita pafupifupi 150 kuchokera ku nyumba za bungwe, ozimitsa moto naubweza. Unakweranso mu Januwale 2025. Ndipo nthawi zonsezi matelesikopu anapulumuka.

Wina angafunse kuti wogulitsa mapanelo a sola pa City Market, kapena mayi wa ku Chelstone wolandira ndalama pa foni, zimenezi zimukhudza pati. Mawanga akachuluka, maginito opotana amamasuka mwadzidzidzi ndi kulavula mpweya wonyamula magetsi, umene ukafika kuno umagwedeza maginito a dziko, nusokoneza wailesi za ndege, GPS ndi masetilaiti, nulowetsa magetsi osayenera m'mawaya ataliatali. Pa 13 Malichi 1989 dera la Quebec ku Canada linazimitsidwa magetsi maola 9. Mkuntho wa kumapeto kwa Okutobala 2003 unatchulidwa pa kuwonongeka kwa matiransifoma ena a ku South Africa. Ndipo usiku wa pa 10 Meyi 2024 thambo linafiira mpaka ku Cape ndi ku Namibia. Olondera zimenezi, monga a South African National Space Agency ku Hermanus, amagawabe magulu a mawanga ndi mayina a alpha, beta, gamma ndi delta, mwa dongosolo lotchedwa la Mount Wilson. Koma pasakhale wonamiza anthu kuti chilala cha 2024, chimene chinatsitsa madzi a Kariba ndi kutigoneka mumdima, chinachokera ku mawanga. Kuwala konse kwa dzuwa kumasintha ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 pa nyengo yonse, ndipo panelo ya padenga siizindikira n'komwe kusinthako.

Lero bungwe la Mount Wilson Institute liyendetsedwa ndi komiti ya matrasti, mkulu woyang'anira ntchito, ndi kapitawo wokhala paphiri posamala nyumba ndi makina, pamodzi ndi khamu la anthu odzipereka amene amaongolera alendo ndi kuyendetsa matelesikopu. Chuma chake chichokera ku zopereka, ku matikiti, ndi ku mapangano ndi mayunivesite okhala ndi zipangizo zawo pamalopo. Matelesikopu awiri akale aja, ya mamita 1.5 ndi ya Hooker, tsopano ndi a anthu wamba, amene amalipira usiku kuti aonere ndi maso awo. Ana a sukulu amabwera kudzaphunzira. Ndipo pensulo ijambulabe mawanga patsinde pa nsanja. Kafukufuku wamkulu ali m'manja mwa Georgia State University, imene inamanga kumeneko matelesikopu 6 a mita imodzi, otchedwa CHARA, otalikirana mpaka mamita 330 koma ogwira ntchito pamodzi. Ndipo mu 2016 akatswiri ogwiritsa ntchito matelesikopuwo anatulutsa chithunzi cha nkhope ya nyenyezi yozizira ya Zeta Andromedae, mawanga ake akuoneka, lina lili pansonga penipeni, malo amene padzuwa sipabadwa banga.

Mwana wa sukulu wa ku Woodlands kapena ku Kabulonga wofuna kuyamba ntchito yomweyi safuna zambiri. Atenge bainokula, atseke galasi limodzi, alunjikitse linzake kudzuwa iye atalifulatira, kuti chithunzi chigwere pa pepala loyera loikidwa mumthunzi, ndipo ajambule mawanga ndi kulemba tsiku lake. Nyengo ino, imene akatswiri amaiwerenga ya 25, inayamba mu Disembala 2019 nifika pachimake mu 2024, ndipo mawanga ayembekezeka kumka nachepa kufikira cha m'ma 2030. Koma asayerekeze kuyang'ana dzuwa ndi diso, kaya mwachindunji kaya kudzera m'galasilo, pakuti khungu lake limabwera m'kamphindi ndipo lilibe mankhwala.